Madzi Ozizira pa Galasi Lotentha

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene anayendetsa minibasi za eni ake zaka makumi awiri osakhalapo ndi yake ngakhale tayala. Galimoto ankaidziwa. Ankaimva kuti yadwala isanayambe n'kutsokomola komwe. Munthuyu anali ndi mphwake, Elifala, amene anapita ku Joni kukagwira ntchito yothirira maluwa kwa azungu awiri okalamba.

Azunguwo anali ndi galimoto ija ena amaitcha nyumba yoyenda. Mkati mwake muli bedi, mbaula, kafiriji, ngakhale kachimbudzi. Miyendo itawakana maulendo, anamugulitsa Elifala galimotoyo. Nthawi yomweyo kumudzi anali atapangana Loweruka la mwambo wa chiliza cha bambo awo. Elifala sankatha kuyendetsa mtunda wautali, choncho anaitanitsa mkulu wake kuti akaiyendetse mpaka kwawo.

Yotamu ataiona galimotoyo anamwetulira ndi mano okha. Pakamwa anayamikira, koma mumtima munali nsanje. Iye wodziwa injini alibe kanthu, wothirira maluwa ali ndi nyumba ya matayala. M'maganizo mwake Loweruka lija linali litafika kale: abale onse asonkhana, amayi awo akululutira, ana akuthamangira fumbi, ndipo iye, mwana woyamba, akutsika pampando wa dalaivala ngati wantchito wa kamwana kamene ankakabereka kumsana. Anthu adzafunsa kuti galimotoyi nja yani, ndipo adzayankhidwa. Chimenecho n'chimene chinamudya njira yonse.

Pa boda iliyonse Yotamu ankangodinditsa pasipoti yake n'kubwerera pachiwongolero. Za galimoto Elifala ankalowa nazo yekha mu ofesi, envulopu ya mapepala ataikumbatira pachifuwa. Nazonso zinamuwawa mkuluyo. Mumtima ankati mwanayu akuopa kuti ndimudetsera mapepala ake ndi girizi.

Tsiku lachitatu analowa m'dziko lotentha lija la milambe, kumene mbuzi zimayenda lilime lili panja. Lole ina powapitirira inaulutsa kamwala kamene kanalasa galasi lakutsogolo. Panatsala kabala kakang'ono pakona yapansi, kukula kwake ngati njere ya chimanga.

Tsono dalaivala aliyense wa pamsewu amadziwa mankhwala a kabala kotere. Umadonthezapo guluu, umamatapo tepi, ndipo poima umasaka mthunzi. Amadziwanso chinthu chimodzi choletsedwa: galasi la bala likatentha, sulithira madzi ozizira. Yotamu anaphunzitsapo makondakitala ambiri lamulo limeneli. Guluu anali naye m'thumba la jekete.

Elifala anafunsa kuti, "Achimwene, kameneka sikativuta?"

"Si kanthu, mphwanga," anatero Yotamu.

Masana anaima pa kamsika kena. Mlambe wa mthunzi wabwino unalipo, koma Yotamu anaimika galimoto poyera, nkhope itapenya dzuwa. Elifala anatsika kukagula chakudya. Yotamu anadikira mpaka galasi litatentha moti dzanja silikanakhalapo. Kenaka anatsegula kafiriji kaja, anatenga botolo la madzi ochita kupweteka mano, natuluka panja. Anayang'ana uku ndi uku. Anathira madziwo pa kabala paja.

Galasi linalira kamodzi kokha. Mng'alu unanyamuka pakona yapansi, unakwera, unadutsa pamene pamayang'anira dalaivala, mpaka kukafika kukona ina.

Musaganize kuti ankafuna kuti galimoto iwonongeke yonse, ayi. Nsanje poyamba imakhala yaulemu. Imangopempha kachilema kakang'ono, koti nthungululu za kumudzi zitsikeko pang'ono, koti wina anene kuti njabwino koma njong'aluka. Elifala atabwera, mkulu wake anati amapukuta fumbi ndipo galasi langodziyambira lokha. Elifala anayang'ana mng'aluwo, anayang'ananso botolo. Madzulo amenewo Yotamu anayendetsa akuimba mluzu, koyamba chinyamukire ku Joni.

Lachisanu anafika pa boda yomaliza, yolowera kwawo. Wapolisi wa pamsewu anazungulira galimotoyo, naima patsogolo, nayendetsa chala pa mng'alu kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anati galimoto imeneyi silowa mumsewu kufikira galasi litasinthidwa, chifukwa woyendetsa sangaone bwino ndipo galasilo likhoza kumuphulikira kumaso. Yotamu anachita ngati wadandaula, koma mumtima munali phwando. Anapempha kachilema, wapatsidwa zoposa: galimoto sikafika n'komwe kumudzi.

Wapolisi anapempha laisensi ya dalaivala ndi mapepala a galimoto kuti alembe. Elifala anazengereza, kenaka anapereka envulopu ija. Wapolisi anayang'ana laisensi, anayang'ana pepala, nakweza maso.

"A Yotamu Chimbalanga ndinu? Ndiye galimoto yanu yomwe, dalaivala wamkulu ngati inu, mwaisamala chonchi?"

Yotamu anati wapolisiyo walakwitsa kuwerenga. Wapolisi anamutembenuzira pepala. Dzina la mwini wake linali lake, lolembedwa bwinobwino, Elifala atangosainira ngati mboni.

Elifala analankhula osakweza mawu. "Ndimafuna ndikupatseni makiyi mawa, pamanda a bambo, amayi akuona. Munagulitsa njinga yanu kuti ine ndikwere basi ya ku Joni. Mwayendetsera anthu mokwana, ndimati muzinyamula alendo oona malo pa yanuyanu." Kenaka anawonjezera kuti, "Botolo lija ndinaliona, achimwene."

Galasi la mtundu umenewo silinkapezeka m'dziko lonselo. Linayenera kuitanitsidwa komwe galimoto inachokera, ndipo anati lidzafika pakatha masabata atatu. Galimoto yodzaza katundu sikanasiyidwa yokha pa boda, ndipo woyenera kuilondera anali mwini wake. Elifala ananyamula kachikwama kake n'kukwera minibasi kuti akafike pamwambo.

Loweruka anthu anasonkhana, anaimba, anavundukula chiliza. Amayi anafunsa kuti mwana wanga woyamba ali kuti. Elifala anangoti atsala ndi galimoto yawo pa boda, galasi lavuta. Za botolo sanatchule.

Yotamu anakhala masabata atatu m'nyumba yoyenda imene sinkayenda. Ankagona pa bedi lomwe lija ankalichitira kaduka. Ndipo m'mawa uliwonse akadzuka, choyamba kuchiona chinali dzuwa likuwala mu mng'alu uja, kuyambira pakona ina kukafika pakona ina.

Abale anga, akulu anati choipa chitsata mwini. Koma musatuluke muno mukuganiza kuti Yotamu anangolakwa posawerenga kaye pepala. Dzina likanakhala la Elifala, amene ankayang'anira pa galasi limenelo ndani? Amene akanasowa pamanda a bambo awo sakanakhala mphwake yemwe? Inu ndi mbale wanu muli m'galimoto imodzi, ndipo galasi lake ndi limodzi.

Ndikudziwa alipo pano amene m'mimba mwawo mukutentha chifukwa mphwawo wafolera ndi malata, kapena mchemwali wawo wakwezedwa pantchito. Guluu muli naye m'thumba. Botolo nalonso mwaligwira kale, mukungoyang'ana uku ndi uku. Musathire. Madziwo imwani, mtima uzizire.