Mboni za a Tcheyamani

Nachanza ankagulitsa mafuta odzola a malambe pamsika wa Chimwankhuku, ndipo anthu ankamukhulupirira. Tsiku lina a Gomonda, tcheyamani wa msikawo, anabwera ndi mabotolo awo olembedwa kuti "Uchi Weniweni", chonsecho m'kati muli girisi wothira utoto.

"Mawa uwauze anthu kuti mafuta angawa ndi achilengedwe. Ukakana, benchi lakoli ndipatsa wina."

"Ine ndine yani, bwana?" anatero Nachanza atagwada. "Mboni ya uchi ndi njuchi. Mudzadzole pamaso pa anthu. Zikakutsatani, angatsutse ndani?"

A Gomonda anagwedeza mutu movomereza. Pokhala munthu wochenjera kuposa msika wonse, anakasungunula shuga wambiri n'kuthira m'botolo.

M'mawa mwake anaima pafupi ndi ogulitsa mango, pamene njuchi zimasonkhana, n'kudzipaka nkhope yonse mpaka padazi. Mboni zija zinafikadi, zitatengana ndi abale awo omwe.

"Chokani, zitsiru inu!" anakuwa a Gomonda uku akudziwomba makofi. "Mulibe uchi umu! Ndi girisi ndi shuga basi!"

Nachanza anawomba m'manja mwaulemu.

"Mwadzimvera nokha, anthuni. A tcheyamani athu sanama."