Mawu a Mai Mailesi Anapita ndi Disiki Yakale

Langson Tembo anabwera ku Rufunsa kuchokera ku Lusaka boma litangotsegula maofesi atsopano, ndipo anabwera ndi matama ake omwe. Kunyumba anali ndi kompyuta yokalamba, yochedwa kudzuka ngati nkhuku yodwala chitopa. M'kompyutamo mkazi wake Edness ankasungamo mawu a malemu mai ake, Mai Mailesi a ku Shikabeta, akuimba nyimbo za Chisoli ndi kutchula mayina a makolo. Achibale anapangana kuti adzawamve Loweruka, pa mwambo wovundukula chiliza.

Lachitatu Langson anagula disiki yatsopano yothamanga, ija amati esiesidi, naiika pambali pa yakale. Atayatsa, sikirini inangoti bii, n'kulemba kuti sikuona poyambira. Anazimitsa, anayatsa, anagwedeza mawaya, koma ayi ndithu.

"Bashi Melody, itwaleni chabe kuli ba Webby ku maliketi," anatero Edness, pomuitana ndi dzina la mwana wawo. "Muli mau ya amai umo."

"Uja wokonza mawailesi? Ine nagwira makompyuta mu Lusaka zaka teni. Anganiuze chani?"

Anatenga fulashi yosungira mapulogalamu kuti aike zonse mwatsopano m'kompyutamo. Makinawo anamuonetsa madisiki awiri, namufunsa yoti afufute. Mayina ake anali manambala okhaokha. Anakayika pang'ono, koma mkazi anali chilili pakhomo, ndiye bambo wa ku Lusaka akanaoneka bwanji akukanda mutu? Anasankha yapamwamba.

Kompyuta inadzuka, koma mwaulesi womwe uja. Edness anafufuza nyimbo za mai ake paliponse, osapeza kanthu.

M'mawa mwake Langson anainyamula yekha mpaka kumsika, nkhope ili pansi. Webby anaitsegula, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ba Tembo, disiki yanyowani ikali empute, mulibe chilichonse, simunaigwireko na pang'ono. Mashini yenze kusakila poyambira pali yeve. Kwenze chabe kuiuza kuti iyambire ku yakudala, mamineti yabili. Manje imwe mwafufuta yakudala, mwalembapo na vinangu pamwamba."

"Sivingabwele?"

"Nizayesa, koma osaika mtima."

Anayesa masiku awiri. Chimene chinatuluka ndi kachidutswa kamodzi, mayi akutsokomola n'kunena kuti, "Yayamba kujambula?" Basi.

Loweruka ku Shikabeta anthu anakhala pansi pa mtengo, wailesi yobwereka ili pampando. Edness anaika kachidutswako. Azakhali ake anapempha kuti akabwereze, ndipo anakabwereza katatu. Palibe anamunyoza Langson, ndipo zimenezo zinamuwawa koposa kutukwanidwa. Mayina aja a makolo panalibenso wina wowadziwa onse.

Pobwerera, Edness anangoyang'ana pawindo la minibasi njira yonse. Langson anayesa kupepesa, koma mkaziyo sanatembenuke. Kumsika kunali pafupi, mtunda wosathetsa n'chingwe cha nsapato chomwe, koma iye anaona kufunsa ngati kuvula. Akulu sananame: safunsa anadya phula.