Munda wa Kumapeto kwa Ngalande

Panali munthu wina amene anzake anamusankha kuti azigawa madzi pa sikimu ya mpunga. Madziwo ankachokera mumtsinje n'kutsika ndi ngalande imodzi yaikulu, munda ndi munda, mpaka kumapeto. Munda womalizawo unali wa mayi wina dzina lake Nankhoma.

Ngalandeyo, tinene zoona, inali yotopetsa. Inkataya madzi m'ming'alu, inkamera udzu, ndipo tsiku loipala ena ankangobwera kudzatsamira makasu. Alimi ena zinawakwana. Anati aliyense azipatsidwa gawo lake pamutu pa ngalande pomwepo, alitengere kumene akufuna. Sanali anthu oipa ayi. Anali atapeza dothi labwino kutsidya kwa msewu, ndipo ndi mlimi uti amene amakana dothi labwino? Msonkhano unavomera, wogawa madzi uja n'kuwomba nawo m'manja.

Amene anali ndi mapaipi anatchera mapaipi awo. Wogawa madzi uja nayenso anatchera yake. Mpunga wa kutsidya unabiriwira mochititsa kaso, moti odutsa pamsewu ankaima n'kumaloza.

Nankhoma analibe paipi. Ngakhale akanakhala nayo, munda wake sukanasamuka. Gawo lake linkalowa m'ngalande monga mwa lamulo, lonse lathunthu, ndipo palibe anamubera ngakhale dontho. Koma madzi ochepa m'ngalande yaikulu sapita patali. Dothi louma linkamwako, ming'alu n'kumwako, dzuwa n'kumalizitsa. Opala ngalande nawonso anachepa, poti munthu sapala njira imene sadutsamo. Mbande za Nankhoma zinayamba kuchita chikasu pa nazale, ndipo mbewu ina yofesanso analibe.

Tsiku lina mayiyo anakwera kukapeza wogawa madzi.

"Bambo, kwathu kuja madzi sakufika."

"Mayi, gawo lanu ndimatsegula ndekha ndi manja angawa. Silinaperewerepo."

"Sindikukana, bambo. Koma tiyeni tiliperekeze, tikaone kumene limagona."

Munthuyo anaseka, koma anatsegula. Awiriwo anayenda m'mbali mwa ngalande kutsatira madziwo. Poyamba madziwo ankathamanga. Kenaka anayamba kukwawa, mutu wake utasenza zinyalala. Asanafike n'komwe pakati, anaima m'kadzenje n'kulowa pansi onse akuona. Kutsogolo kwawo ngalande inali gwa, nyerere zikudutsamo. Munthuyo anachita manyazi kwambiri, chifukwa anazindikira kuti masiku onsewo ankagawa molungama pamutu, osadziwa za kumchira.

Anabwerera kumtunda, anatola chitsononkho, n'kutseka paipi yake yomwe. Madzi ake anakhotera m'ngalande. Atatero anaitana msonkhano n'kuwauza kuti, "Mapaipi anu sindikuzula. Koma kuyambira lero ngalande izimwa poyamba, mpaka madzi akafike kumapeto. Otsalawo tizigawana, aliyense apite nawo kumene wakonda. Ndipo tsiku lopala tonse tizibwera, wa paipi ndi wopanda paipi yemwe."

Kung'ung'udza kunalipo, nanga munthu angakondwe gawo lake likuchepa? Koma paipi ya wolankhulayo inali yotseka kale, aliyense akuiona. Mmodzi anapita kukachepetsa yake, wina n'kutsatira.

Madzi anatsika. Anadutsa kadzenje kaja osaima, nyerere zikuthawa. Madziwo atalowa pa nazale, Nankhoma anangokhala pansi pamzere, miyendo m'matope, n'kupumira m'mwamba. Mtima wake unakhala m'malo. Mbande za m'mphepete zinali zitapsa, koma zambiri zinadzuka, ndipo anawokera munda wonse. Kutsidya kwa msewu nakonso mpunga sunafe. Unangoleka kudzionetsera.

Inu olemekezeka amene mukukambirana lamulo loti thandizo la boma lizitsata mwana kusukulu imene makolo asankha, ine sindikuti musawalole kusankha. Sukulu zathu za boma zili ndi ming'alu, ndipo kholo lothawitsa mwana wake silinalakwe. Koma alipo mwana amene sukulu yake ndi imodzi yomweyo, kuseri kwa phiri, kopanda minibasi. Ameneyo chiphaso cha thandizolo mungamupatse, koma alibe kopita nacho. Anzake akachoka ndi magawo awo, denga lodontha la sukulu yakeyo silichepa, ndipo mphunzitsi sagawika pakati.

Choncho lembani kuti ngalande izimwa poyamba. Ndipo musanakweze manja kuvomereza, nyamukani pamipandopo, muperekeze gawo la mwana ameneyo ndi mapazi anu, mukaone ngati likufika.