Makobiri a Lefani ndi Golide wa ku Joni

Mukakwera sitima ku Balaka kulowera kumpoto, pali kasiteshoni kena kamene lero kanamera tsekera mpaka m'mazenera. Amati pa Chimwavi. Masiku amene sitima inkaima pamenepo kawiri pa sabata, malowo anali ndi moyo: amayi a zitumbuwa, ogulitsa nzimbe, ndi phokoso la hamala ya Lefani Chikuse, mmisiri wokhoma ndowa ndi zidebe. Akuluakulu a kumeneko amati mwambi wina umene ana inu mumaumva kusukulu unabadwira pakhonde la munthu ameneyu. Ena amatsutsa. Koma imvani kaye mmene zinayendera.

Lefani anali ndi nthenda imodzi, ndiyo ndalama zakale. Kwacha ndi tambala zitabwera, ndalama za nthawi ya Chitaganya zinasowa ntchito. Anthu ankaziponya m'zitini za mabatani. Makobiri obooka pakati aja, amisiri a madenga ankawakhomera ku misomali m'malo mwa mawashala. Lefani yekha ndiye ankazitola ngati akutola ana amasiye.

Sankalota ndalama zodula zimene amati olemera amasunga m'magalasi. Thumba lake linali lalifupi, ndipo iye ankalidziwa. Ndalama yakale imene mtengo wake unkapitirira kapu ya tiyi ankangoiyang'ana n'kuisiya. Kawirikawiri ankangosinthanitsa. Akamata ndowa ya mayi wina ankati, "Ngati m'nyumbamo muli tiki wakale, uja wa makobiri atatu, bweretsani ameneyo, tathana." Akamva kuti kwina akusasula denga la sitolo yakale, ankapalasa njinga kukapempha makobiri a ku misomali.

Zaka khumi ndi chimodzi zitatha anali ndi katoni yake, yoboola timaenje, ndalama iliyonse pakabowo kake. Munali theka la kobiri la akadyansonga awiri, kobiri la njovu, tiki wa duwa, sikisipensi wa mkango, sheleni ya mphalapala, ndi ya masheleni awiri ya nkhwazi itagwira nsomba. Mtundu uliwonse anali nawo wa zaka zosiyanasiyana. Kunsi kwake kunali ndalama zoyamba za Malawi: ya tambala wolira ndi ya ngala za chimanga. Payokhapayokha zinali zotchipa. Pamodzi, zinali zaka khumi ndi chimodzi za moyo wa munthu.

Lefani anali ndi lamulo limodzi: ndalama yakale sakwecha. Tsiku lina mkazi wake, Nachisale, pofuna kumusangalatsa, anakwecha kobiri lina ndi phulusa ndi mchenga monga amachitira mapoto. Kobirilo linawala ndithu, koma njovu zinatha makutu ndipo chaka chinafufutika. Kuyambira pamenepo, ndalama iliyonse yofika pakhomopo inkayamba yagona m'kambale ka palafini. Phula la padenga ndi litsiro zinkasungunuka zokha, pang'onopang'ono, mpaka njovu n'kutuluka yokha.

Lachinayi lina la mwezi wa Januwale, mvula itangokata, mlamu wake wa Lefani, Yotamu, mchimwene wa Nachisale, anafika pakhomo ali ndi mlendo. Mlendoyo anavala suti yabulauni, nsapato zosongoka, m'manja muli chikwama chachikopa.

"Alamu, siyani kaye hamalayo," anatero Yotamu. "Lero umphawi ukutsanzikani. Awa ndi a Mwanyali, atsika sitima ya m'mawa. Anakhala ku Joni zaka zambiri. Amva za katoni yanu ija."

Atapatsana moni, a Mwanyali anapempha kuona katoniyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mutu. Kenaka anapisa m'thumba la mkati, namasula kampango koyera. Pamenepo panali ndalama yaikulu, yachikasu, yonyezimira ngati dzuwa la m'mawa pamadzi. Mbali imodzi inali ndi chithunzi cha insa ikudumpha.

"Golide wa ku Joni, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Amene anapita ku migodi amamudziwa. Ine kumugulitsa mumzinda sindingathe, mafunso achuluka. Koma ndili ndi mnzanga ku Limbe wokonda zakalezi. Inu mundipatse katoniyi, ine ndikusiyireni ameneyu. Kungoti ndikubwerera ndi sitima ya thu koloko."

Lefani anaiika ndalamayo padzanja. Nkhani za ndalama ya golide ya insa anazimvapo kwa anthu obwera ku migodi, koma ndi maso anali asanaione. Anayang'ana denga la nyumba yake, laudzu, lakuda, likudonthabe madzi a mvula ija.

Yotamu anaona kumene maso a mlamu wake anapita. "Eya, yang'anani komweko! Mmisiri wa malata wogona m'nyumba yodontha. Mlongo wangayu usiku amatchera mabeseni ngati akutchera ngumbi. Ndalama imodziyi ndi malata a nyumba yonse, njinga yatsopano pamwamba. Inu mukufungatira makobiri a ku misomali?"

Asanayankhe Lefani, Yotamu anatola katoni ija naipereka kwa mlendo. A Mwanyali anailowetsa m'chikwama, natseka loko, thapu!

Lefani anafuna kunena kuti ayi, koma golide anali m'dzanja lake, wolemera, wofunda. Anafuna kunena kuti inde, koma maso ake anali pa chikwama chotsekedwa chija. Mapeto ake anagwira chokhacho chimene ankachidziwa.

"Bwana, pakhomo pano tili ndi mwambo," anatero. "Ndalama iliyonse yolowa m'nyumba muno imayamba yasamba. Igone m'kambalemu mpaka sitima ilire. Ikalira, katoniyo ndi yanu."

"Golide sasamba, achimwene," a Mwanyali anaseka, koma kusekako kunathera pamano. "Simukuona mmene akuwalira? Litsiro lili pati?"

"Ndiye palafini akumuoperanji?" anafunsa Lefani.

Ndalamayo inamira m'kambale, chubwi. Nthawi inali itangopitirira wani koloko.

Nachisale, amene nthawi yonseyi anali pakhomo la khitchini, anabwera nagwada pafupi ndi mlendo. "Pepani bambo, takulandirani moipa. Katundu wa mlendo sakhala pakhonde, makamaka khonde lodontha ngati lathuli. Bweretsani ndikaike m'nyumba. Madzi a tiyi ali pamoto."

"Musavutike mayi, ndili paulendo."

"Iii, mukachoka madzi ali pamoto, anthu adzati kwa a Chikuse amathamangitsa alendo. Musatichititse manyazi."

Ananena akutambasula manja onse awiri. Munthu wovala suti sangalimbirane chikwama ndi mayi wogwada. A Mwanyali anachipereka, ndipo maso awo anachitsatira mpaka chitseko chinatsekeka.

Tsono anakhala. Lefani sanafune kuyang'ana nkhope ya mlendoyo, poopa kuti akaiona angavomere msanga. Sanafunenso kuyang'ana m'kambale. Maso ake anakatera pa nsanamira ya khonde, pamene nkhono yaikulu, yotuluka ndi mvula ija, inali itamatirira. Inali itabisala m'chigoba chake, osaoneka mutu.

"Alamu, mukuyang'ana nkhono chuma chili apa?" Yotamu anathyola kaudzu nayamba kuitosa. "Kanyama kopusa ngati eni khomo. Kalibe n'maso omwe."

"Maso ili nawo," anatero Lefani. "Mukuitosa, ndiye ikubisa. Isiyeni."

Tiyi anabwera, wotentha kwambiri. A Mwanyali anamupemerera, namwa mopupuluma mpaka kupsa lilime. Anayang'ana wotchi. Anaimirira, nakhalanso.

"Achimwene, ine nthawi yandithera. Ngati simukufuna, nenani. Ku Salima kuli munthu amene wandilonjeza ng'ombe ziwiri."

"Mwamva?" Yotamu anamenya ntchafu. "Ng'ombe ziwiri! Alamu, mukataya mwayi uwu ine mlongo wanga ndimutenga. Sangakalambire pansi pa mabeseni."

Lefani anayamba kudzifunsa. Bwanji ngati golideyo ndi weniweni? Bwanji ngati munthuyu akwiya, n'kunyamula ndalama yake, iye n'kutsala ndi denga lodontha ndi chitonzo cha mudzi wonse mpaka imfa? Milomo yake inayamba kutseguka yokha. Anailuma.

"Sitima sinalire," anatero.

"Chabwino, ndionjeza," a Mwanyali anavula wotchi yawo naiika pampando. "Tengani ndi iyi yomwe. Mayi, chikwama changa!"

Apa m'pamene mtima wa Lefani unayamba kuzizira. Munthu amene wabweretsa golide kudzasintha ndi makobiri a ku misomali, n'chifukwa chiyani akuonjezanso wotchi? Nachisale anakhala ngati sanamve, akutsuka makapu pang'onopang'ono, kapu imodzi kawiri.

Mawu anatha pakhondepo. Kunangoti zii. Madontho okha ndiwo ankagwa kuchokera kudenga. Yotamu anataya kaudzu kake. Ndipo pa nsanamira paja, nkhono ija, poona kuti dziko latonthola, inayamba kutuluka. Choyamba khosi. Kenaka tinyanga tiwiri tinasomphoka, tikutalika, tikutalika, ndipo kunsonga kwa kalikonse kunali kadontho kakuda.

"Alamu," Lefani ananong'ona, "si awo maso?"

Nthawi yomweyo sitima inalira kutali, kumlatho. A Mwanyali anadzambatuka napisa dzanja m'kambale kuti atole ndalama yawo. Atalitulutsa, onse anaona. Zala zawo zinali zachikasu, zonyezimira. Pamwamba pa palafini pankayandama timakoko ta golide. Ndipo ndalama ija, pamene chala chachikulu chinagwira, inali itayera mbee, ngati supuni.

"Penti!" anakuwa Yotamu. "Mayo ine, penti ya njinga!"

Inali ndalama wamba ya ku Joni, yogulira buledi, imene aliyense wobwera ku migodi ankabwera nayo m'thumba. Anangoipaka penti mochenjera, yopyapyala, n'kuipukuta bwino.

A Mwanyali anayang'ana chitseko cha nyumba. Nachisale anali ataima pamenepo, chikwama chili m'manja, munsi uli chotsamira pakhoma pafupi naye.

"Tsegulani loko, bambo," anatero mwaulemu womwe uja. "Muli katundu wathu m'menemu. Sitima yanu ikufika."

A Mwanyali anatulutsa kiyi natsegula loko. Katoni inatuluka, yonse, popanda kabowo kopanda mwini. A Mwanyali anatola wotchi yawo, nafumbata chikwama, naliyatsa liwiro kulowera kusiteshoni, matope akuthovukira pa suti yabulauni. Ndalama ya insa anaisiya pansi pomwepo.

Yotamu anafuna kuwathamangira, koma Lefani anamugwira mkono. "Asiyeni. Inuyo khalani pansi, tiyi wanu wazizira."

"Alamu, ine ndimafuna kukuthandizani," anatero Yotamu, maso ali pansi.

"Tikudziwa, achimwene," anayankha Nachisale. "Ngakhale ine ndinkafuna kuthandiza tsiku lija ndinadula njovu makutu."

Lefani anatola ndalama ija naibwezera m'kambale. Inagonamo masiku atatu mpaka penti yonse inachoka, insa n'kuoneka bwinobwino, ndi chaka chake chomwe. Kenaka anaboola kabowo katsopano pakona ya katoni naiikamo. Ankati mwa ndalama zake zonse, imeneyo ndiyo anaipeza motchipa kwambiri: kapu imodzi ya tiyi. Denga linadonthabe chaka chimenecho ndi chotsatira. Malata anadzagula ndithu, limodzilimodzi, ndi ndalama za ndowa.

Nkhaniyi inafala ndi sitima yomweyo, siteshoni ndi siteshoni. Anthu akamufunsa Lefani kuti anadziwa bwanji, iye ankati, "Sindinadziwe. Ndinangodikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambiwo ndi umenewo, ana inu: kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ili ndi maso, koma siionetsa kwa munthu woitosa kapena woigwedeza. Ukakhala phee, imawatulutsa yokha. Chimodzimodzi choonadi cha chinthu, kapena cha munthu. Kobiri lakuda la padenga ukalikwecha mofulumira umapha njovu yake, koma ukalipatsa nthawi limakuuza chaka chimene linabadwa. Chonyezimira chimene mwini wake akukuuza kuti sankha pompano sitima ikupita, nachonso chipatse nthawi, chidzakuuza chimene chili pansi pa penti. Wokufulumizitsa kawirikawiri amakhala ndi chimene akuopa kuti uchiona. Tsono mukadzayamba kusonkhanitsa zanu, kaya ndi makobiri a m'zitini za mabatani, kaya ndi china, yambani ndi zimene thumba lanu lingathe, ndipo mtima ukamathamanga, kumbukirani munthu uja anakhala pakhonde lodontha, golide ali m'kambale, maso ali pa nkhono.