Meya Wogula Nyuzi Zonse

Ufulu utafika kuno ku Tunisia, tauni yathu inasankha Si Abdelwaheb kukhala meya (kuno "Si" ndi mawu aulemu, ngati "bambo"). Pamisonkhano ankalalikira za ufulu wa atolankhani mpaka thovu kukamwa, koma kanyuzipepala ka mayi Naziha, kotuluka Lachinayi lililonse, kankamusowetsa tulo.

Kutseka nyuzi kunali kutatha fasho, ndiye mkuluyu anapeza nzeru zake. Dzina lake likangooneka patsamba loyamba, ankatuma dalaivala wake, Mokhtar, kukagula mitolo yonse anthu asanaione.

Lachitatu lina Naziha anamuimbira foni.

"Si Abdelwaheb, ya mawayi muiwerengeko. Ikukukhudzani."

"Ndiwerenge mabodza anu? Mayi, ine ndili ndi ntchito!" Foni thi! Kenako anakuwira dalaivala: "Iwe Mokhtar, mawa ukasese zonse, ukataye!"

Koma Mokhtar si munthu wotaya chinthu. Anakagulitsa mitoloyo kwa okazinga njere za mpendadzuwa, kuti azikulungiramo njere za makasitomala. Pofika madzulo tauni yonse inali kutafuna njere, kulavula makoko, uku ikuwerenga kuti wachiwiri kwa meya, Si Ridha, wanyengerera makhansala kuti Lolemba achotse bwana wake pampando. M'malo omwera khofi nkhani inali yomweyo. Ometa tsitsi ankaidziwa, ophika buledi ankaidziwa. Mbuli inatsala imodzi yokha, mwini nkhani. Nanga ndani akanamuuza munthu woti ukamutchulira nyuzi amakulusira?

Lolemba meya analowa m'khonsolo atatchena suti yatsopano, n'kumupsompsona Ridha masaya onse awiri.

"M'bale wanga! Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino, bwana," anatero Ridha, maso ali pansi.

Voti itaitanidwa, manja anakwera m'mwamba ngati akugawa zaulere. Abdelwaheb anayang'ana uku ndi uku, thukuta kamukamu, n'kumenya tebulo.

"Chiwembu! Anthu oipa inu! Bwanji panalibe wondiuza?"

Naziha anaimirira pabenchi ya atolankhani, nkhope ili phee.

"Tinakuuzani, bwana, patsamba loyamba, ndi chithunzi chomwe. Munagula zonse. Ndipo tidandaula, kasitomala ngati inu sitidzamupezanso."

Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo Mokhtar anali atayamba kale kupukuta galimoto kuti anyamule Si Ridha. Meya wakale anabwerera kwawo wapansi, dzuwa likuswa mtengo.

Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.