Matope a Tsamba la Zione

Ana inu, foni zanu zimatsegula zinthu musanaphethire, ndiye kudikira simukudziwa. Ife tinadikirapo, ndipo masiku amenewo ndimawasowa.

Ku Luchenza kunali mayi wina wachitsikana, Zione, katswiri wa makompyuta. Malume ake, a Kachingwe, anali mphunzitsi wamkulu, ndipo Zione anapangira sukulu yawo tsamba la pa intaneti loonerapo zotsatira za mayeso. Analemba kapulogalamu ka JavaScript kotola dzina la mwana pa tsambalo. Ukalemba nambala ya mwana, kankalunjika pomwepo ngati munthu wodziwa khomo la kwawo. Ngakhale foni zomanga ndi labala zija zinkatsegula msanga, ndipo Zione ankanyadira zimenezo.

Koma a Kachingwe sankakhutira msanga.

“Iwe Zione, bwanji kamangopeza mmodzimmodzi? Kazisankha chilichonse: atsikana okha, a mudzi wakuti, okhoza masamu.”

“N'zotheka, malume. Koma ndiye kazifufuza tsamba lonse, mzere ndi mzere, nthawi iliyonse. Foni zazing'ono zidzatopa.”

“Foni imatopa? Ili ndi miyendo? Tapanga!”

Zione anapanga, mtima ukukana.

Tsiku la zotsatira kunagwa mvula, yomwe a Kachingwe anakhala akuilira chifukwa cha chimanga chawo, magetsi n'kuzima. Mayi Nachisale anayenda wapansi kuchokera ku Thuchila kuti Zione awaonere pa foni yawo ngati mwana wawo wakhoza. Zione analemba nambala. Kachizindikiro ka pa foni kosonyeza kudikira kanazungulira, kanazungulirabe, mpaka batire inatha.

“Basi mwanangu, ndibwerere kusanade,” anatero mayiwo.

Zione zinamupweteka kwambiri, misozi inalengeza.

Posakhalitsa a Kachingwe analowa akuterereka, buluku lonse matope, akutukwana msewu.

“Malume, si inu munkalira mvula sabata yatha?” anafunsa Zione, n'kuwafotokozera za mayi aja.

Bambowo anayang'ana matope a pa nsapato zawo.

“Ndinalira mvula, mwana wa mlongo wanga. Matopewa ndinawaitana ndekha.”

Magetsi atayaka, Zione anabwezera njira ya nambala ija, kusankha kwa zambiri n'kukusiyira kompyuta ya mu ofesi. Zotsatira za mwana wa mayi aja zinaoneka pomwepo. M'mawa mwake a Kachingwe anaponda okha matope mpaka ku Thuchila kukauza Mayi Nachisale kuti mwana wawo wakhoza.

Anthu a kumeneko amalumbira kuti mpamene panachokera mawu akuti, “Walira mvula walira matope.” Chabwino chilichonse chimabwera ndi katundu wake. Musanachipemphe, funsani kaye kuti matopewo adzaponda ndani.