Matondo Amene Sanalowe M'dothi

Kudera la Kasungu uko kunali mlimi wina, ndipo kuseri kwa nyumba yake kunali mitengo ya mombo yogwa matondo, mbozi zodyedwa zija. Abale anga, inu matondo simunawaone. Ine ndinawaona, ndinawadya! Limodzi kunenepa ngati mkono wangawu, awiri okha mphika wadzaza. Akamadya masamba, zitosi zawo zinkagwa waa ngati mvula, moti amayi ankathamangira kukaanula ufa dzuwa likuswa mtengo.

Wotola matondowo anali mkazi wa mlimiyo, ndipo anali ndi lamulo lake. Oyamba ankatola, apakati ankatola, koma otsiriza aja, otsika okha ndi thunthu la mtengo, sankawakhudza. Amenewo amaboola pansi n'kugona m'dothi miyezi yambiri ngati akufa. Nthawi yawo ikakwana amatuluka ali agulugufe, amaikira mazira pamasamba, matondo n'kuyambiranso.

Chaka china mayiyo anamwalira. Mwamuna wake anaima pamanda, naona adzukulu akukwirira mpaka dothi linakwera mtumbira.

Matondo atagwa, anatenga lichero la malemu n'kupita kumitengo kuja. Kumeneko mtima unkakhalako pansi. Akamva waa uja, ankangoona ngati mkazi wake ali kuseri kwa mtengo winawo, wawerama, akutola. Koma nyengo ikutha, anaona otsiriza aja akutsika, akulowa m'dothi. Zinamulasa. Anagwada n'kuyamba kuwatola, olowa kale n'kumawafukula ndi zala.

Mlamu wake, mchimwene wa malemu, anamupeza ali chogwada.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino? Imeneyo ndi mbewu! Mlongo wanga sankatero."

"Dothi landidyera zokwanira, alamu. Chaka chino silimezanso changa chilichonse."

Anatola onse, osasiya ngakhale limodzi. Anawayanika, nawathira m'nkhokwe mpaka denga linanyamuka lokha. Anadya, anadya, anatha.

Chaka chotsatira mombo unaphuka bwinobwino, koma gulugufe sanaoneke. Masamba anakhwima opanda bowo. Nkhalango inangoti zii. Bamboyo ankalawira ndi lichero, n'kukhala pansi pa mtengo, khutu lili m'mwamba. Chaka chachiwiri chimodzimodzi, chachitatu chimodzimodzi. Ine ndinadutsako ndi miyendo yangayi. Pamene ankakhalapo panali patakumbika dzenje lofika m'chiuno, khosi lake litatalika ngati la kakowa chifukwa choyang'ana kumwamba. Sanandipatse ndi moni womwe. Anangoti, "Achimwene, kumene mwachokerako sikukugwa matondo? Ndingomvako kamodzi kokha."



Tsono tamverani, inu amene munaperekeza wanu kumanda ndipo mpaka lero mukukangana ndi dothi. Mlimi uja ankayesa kuti cholowa pansi chatayika, ndiye anakaniza, nataya ndi mapiko omwe amene akanatuluka mmenemo. Mulungu amene anaikira kachirombo nthawi yokwawa, nthawi yogona ndi nthawi youluka, sangaiwale munthu amene anamuumba ndi manja ake. Lirani ndithu, kusowa wako kumawawa. Koma musamulande Mulungu chimene wagoneka. Mpatseni, mudikire. Tsiku lodzutsa akulidziwa ndi Iye.